Kuwotcherera shafiti, ekiselo ndi sipuling'i kuti zisathyokenso m'mbali mwa jointi

Fodya akayamba kututidwa kupita m'zigafa, kenako mabelo n'kuyamba ulendo wa ku Chinkhoma, ntchito imene imatichulukira ife owotcherera kuno ku Kasungu ndi ya ngolo, majeke odindira fodya, mapulawo ndi zitsulo za m'chigayo. Zambiri mwa zinthu zimenezi zinapangidwa ndi zitsulo zochotsedwa ku galimoto zakufa: ekiselo, shafiti, sipuling'i. Mukayang'anitsitsa zimene zimabwerera zitathyokanso, kaya ndi pa boma, ku Santhe kapena ku Nkhamenya, mupeza kuti mzere umene munawotcherera uli bwinobwino. Chathyoka ndi chitsulo cha m'mbali mwake, pamalo osatalikira ngakhale chala chimodzi kuchokera pa mzerewo. Kukweza moto wa makina kapena kuunjikapo marodi sikungathetse vuto limeneli, chifukwa gwero lake ndi mtundu wa chitsulocho komanso liwiro limene chinazizirira.

Zimene kaboni amachita chitsulo chikatentha

Chitsulo ndi ayironi wosakanizidwa ndi kaboni wochepa kwambiri, koma kochepako ndi kamene kamalamulira khalidwe lake lonse. Angle iron, square tube, flat bar ndi mapuleti amene timagula m'mahadiweya ndi mild steel, ndipo kaboni wake sapitirira 0.25 peresenti. Mashafiti ndi maekiselo ambiri ali ndi kaboni wapakati pa 0.3 ndi 0.5 peresenti. Masipuling'i a galimoto ali cha m'ma 0.6, ndipo kawirikawiri amathiramonso chromium kapena silicon. Zitsulo zopangira tupa ndi mabering'i zimafika 1 peresenti. Kasiti, monga wa mabuloko a injini ndi mapampu, ali ndi 2 mpaka 4 peresenti.

Chitsulo chimasungunuka cha m'ma madigiri 1,500, koma kusintha kofunika kwa ife kumayamba kale pa madigiri 727, chikadali cholimba m'manja mwa pulayala. Pamenepo kaboni amene anali m'timagulu amamwazikana n'kulowerera mu ayironi yense, monga shuga amalowerera mu tiyi wotentha. Chikamazizira pang'onopang'ono, kaboni amapeza nthawi yobwerera m'malo mwake, ndipo chitsulo chimakhala chofewa, chotha kupindika. Chikazizira mwadzidzidzi, kaboni amatsekeredwa pomwe ali, mkati mwa chitsulo mumathinana, ndipo pamabadwa chimene m'mabuku amachitcha martensite. Chimenechi ndi chouma moti sichidyeka ndi tupa, koma sichilola kupindika ngakhale pang'ono. Chikagundidwa chimangosweka.

Mild steel alibe kaboni wokwanira kuti aume chonchi, n'chifukwa chake geti mukhoza kuliwotcherera mmene mungafunire osang'aluka. Shafiti ndi ina. Rodi ikamadutsa, kachigawo ka m'mbali mwa mzere kamapitirira madigiri 727, ndipo rodi ikangochoka, chitsulo chonse chozizira chija chimayamwa kutenthako m'masekondi ochepa. Ngakhale musathirepo madzi, shafiti yadziumitsa yokha. Kachigawo kameneka ndi kamene aphunzitsi amakatcha HAZ, ndipo ndi pamene ngolo zimathyokera.

Mwini ngolo akamati akufuna chitsulo cholimba, mumvetsetseni. Pali kuuma, kumene kumafunika kunsonga kwa tchizulo ndi pa mano a pulawo. Pali mphamvu yokana kuduka chitsulo chikamakokedwa, ndiyo imene manambala a pa rodi amanena. Palinso kutha kupindika osathyoka, ndi kupirira kugundidwa mobwerezabwereza. Ngolo yodzaza chimanga ikamatsika pa dambo n'kumagunda zigwembe, chimene chimaipulumutsa ndi ziwiri zomalizazi, ndipo mukawonjezera kuuma ziwirizi zimachepa.

Choyamba: yesani chitsulo musanayatse makina

Gawo limeneli ndi la mphindi zisanu zokha, koma ndi limene ambiri timalidumpha chifukwa kasitomala waima pompo akudikira.

Khudzitsani chitsulocho pa gilayinda pamalo amthunzi n'kuona mmene moto ukuthethekera. Mild steel amatulutsa timizere tatitali tachikasu, tokhala ndi mphanda zochepa kumapeto. Kaboni akamachuluka, timizere timafupika ndipo timaphulika tinthambi tambirimbiri towala. Kasiti amatulutsa timoto tatifupi, tofiirira, tosapita patali. Kuti maso azolowere, sungani pa benchi tizidutswa tinayi todziwika bwino: ka angle iron, ka shafiti, ka sipuling'i ndi ka kasiti. Chikabwera chitsulo chachilendo, chiyerekezeni ndi timeneti pa gilayinda yomweyo.

Kenako kwechani ndi tupa pakona. Chikamadyeka mosavuta, ndi chofewa. Mukamva kuterera ndi kulira kopyapyala, chinaumitsidwa ku fakitale. Mashafiti ena amaumitsidwa kunja kokha, mkati muli mofewerapo, choncho kwechani ponse pawiri, kunja ndi pothyokapo.

Ngati mukukayikabe ndipo pali kachidutswa kotsala, katentheni mpaka kafiire, kaponyeni m'madzi, kamangeni pa vayisi n'kukamenya ndi hamala mutavala magalasi. Kakapindika, kaboni ndi wochepa. Kakaduka kuti thyo, muli ndi chitsulo chofuna chisamaliro chonse chimene chili m'munsimu. Yesani motero ngakhale zitsulo zomangira nyumba, za Y12 ndi Y16, musanazigwiritse ntchito pa chinthu chonyamula katundu. Sizifanana zonse, zina zimauma kwambiri pa jointi.

Chachiwiri: werengani pothyoka

Musathamangire kupala pothyokapo, pali uthenga. Mukaona mbali yaikulu yosalala, yokhala ndi timizere tozungulira, mwinanso yadzimbiri, ndipo kambali kakang'ono kokha n'kokhakhala ndi kowala, dziwani kuti mng'alu unayamba kalekale n'kumakula pang'onopang'ono. Tsatirani timizereto mpaka pamene tayambira. Nthawi zambiri mupeza kangalande kamene rodi inakumba m'mphepete mwa jointi yakale, kona yakuthwa, kapena pamene wina anayatsira rodi n'kusiya kachipsera. Mukangolumikiza osachotsa choyambitsacho, padzathyokanso pomwepo. Ngati pothyoka ponse pali powala, pa timchenga tikulutikulu, ndipo palibe chizindikiro choti panapindika, chitsulocho chinauma kapena chinapsa ndi moto wopitirira muyezo.

Pano ndi pamenenso muyenera kusankha ngati ntchitoyo ndi yoti muilandire. Sipuling'i yothyoka ya minibasi kapena lole, zitsulo za chiwongolero, ndi shafiti yoti ibwerere pa galimoto yonyamula anthu, zimenezi musawotcherere. Moto wa rodi umawononga kakonzedwe ka ku fakitale, ndipo pa shedi pathu sitingakabwezeretse mofanana. Ndalama yake ndi yokopa, makamaka mwezi wa January pamene ntchito yasowa, koma muuzeni mwini wake mwaulemu kuti, "Bambo, ichi chikufunika china, ndikachiwotcherera chikakutayani pa msewu." Ngolo ya ng'ombe, jeke ndi pulawo ndi zimene njira iyi ikuyenera.

Chachitatu: konzani jointi

Palani mbali zonse ziwiri kuti zikakumana zipange V wa madigiri pafupifupi 60, ndipo pa shafiti yonenepa palani kuzungulira kapena mbali ziwiri kuti rodi ifike pakati penipeni. Chotsani girisi, oyilo, penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, masentimita atatu kapena kuposerapo mbali iliyonse. Ngati ndi mng'alu pa puleti kapena pa felemu, boolani kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire. Paipi ya galvanised ipaleni mpaka zinki achoke, ndipo gwirirani ntchito pamphepo. Utsi wake woyera uja umadwalitsa, ndipo kumwa mkaka sikuteteza mapapo.

Chachinayi: rodi yake, ndipo ikhale youma

Manambala a pa rodi ali ndi tanthauzo. Pa 6013, 60 akunena mphamvu ya mapaundi 60,000 pa sikweya inchi. Pa 7018, 70 akunena mapaundi 70,000. Nambala yachitatu, 1, ikutanthauza kuti rodiyo imawotcherera mogona, moimirira ngakhale chagada. Koma chimene chimachititsa kuti 7018 ikhale yoyenera pa shafiti si mphamvu yokhayo. Chikuto chake chimatulutsa mpweya wa haidirojeni wochepa.

Haidirojeni amachokera ku chinyezi, oyilo ndi dzimbiri. Amalowa m'chitsulo chosungunuka, n'kusefukira m'kachigawo kouma kaja, ndipo kumeneko amayambitsa mng'alu mwakachetechete, nthawi zina patatha tsiku limodzi kapena awiri. Ndiye chifukwa chake ngolo imatha kuchoka pa shedi ili bwino, n'kukathyoka mawa lake isananyamule n'komwe katundu wolemera. Kuti mng'alu wotere uchitike pamafunika zinthu zitatu pamodzi: chitsulo chouma, haidirojeni, ndi kukokana kumene kumabwera jointi ikamazizira. Ntchito yathu ndi kuchepetsa zonse zitatu.

Rodi ya 7018 imayamwa chinyezi msanga, makamaka nyengo ya mvula. Paketi ikatsegulidwa n'kugona pa shedi, phindu lake latha. Opanga marodi amalangiza kuziumitsanso pa madigiri 300 mpaka 350 kwa ola limodzi kapena awiri, kenako kuzisunga pa madigiri pafupifupi 120. Ambirife tilibe uvuni wotere, choncho gulani zochepa zochokera m'paketi yongotsegula kumene, zisungeni m'paipi yotseka mbali zonse, ndipo tsiku la ntchito ziikeni m'chitini pamwamba pa mbaula zitenthe musanazigwiritse ntchito. Izi sizifanana ndi uvuni, koma zikuposa kutola rodi pansi. Dziwaninso kuti 7018 imavuta kuyaka pa makina okulunga pamanja aja. Imayenda bwino pa inveta, chogwirira rodi chili ku positive. Ya mamilimita 3.2 imafuna maampu apakati pa 100 ndi 140, ndipo muziigwira pafupi kwambiri ndi chitsulo.

Rodi za stainless za 312 kapena 309 zimathandiza polumikiza chitsulo cha kaboni wambiri ku mild steel, chifukwa mzere wake umatamuka ndipo umasunga haidirojeni osamulola kupita m'mbali. N'zodula, ndipo siziletsa m'mbali muja kuuma. Ngati muli ndi 6013 yokha, kutenthetsa kumene kukubweraku musakuchepetse ngakhale pang'ono, ndipo mwini katundu adziwe kuti mwagwiritsa ntchito chiyani.

Chachisanu: tenthetsani chitsulo musanachiwotcherere

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Chitsulo chikakhala chotentha kale, sichiyamwa kutentha kwa jointi mofulumira, choncho m'mbali muja simuuma kwambiri, ndipo haidirojeni amapeza nthawi yotuluka.

Shafiti ndi ekiselo zitenthetseni kufika madigiri 200 mpaka 250. Chitsulo cha sipuling'i, monga pamene mukuchilumikiza ku pulawo kapena ku chida china cha kumunda, chifike 300 kapena kupitirira pang'ono. Mild steel wopyapyala safuna zimenezi, koma puleti yonenepa kuposa mamilimita 25 itenthetseni kufika cha m'ma 100, makamaka m'mawa wa June ndi July pamene zitsulo zagona pa mame.

Mbaula ya makala imakwanira. Gonekani chitsulo pamwamba pa makala, muzichitembenuza, ndipo kutentha kufike masentimita osachepera 8 mbali iliyonse ya jointi. Musafulumire. Chofunika n'choti mkati mutenthe, osati khungu lokha, ndiye shafiti yonenepa ipatseni nthawi, kenako ichotseni pamoto n'kudikira kamphindi musanayeze.

Poyeza, ngati mulibe choyezera cha infrared kapena choko chosungunuka pa madigiri odziwika, chitsulo chenichenicho chikuuzani. Palani kamalo pafupi ndi jointi kawale musanachiike pamoto. Kamaloko kakayamba kuoneka chikasu chotuwira, mtundu wa udzu wouma, mwafika cha m'ma 220. Kakasanduka bulawuni ndi cha m'ma 250, pepo ndi 280, buluu ndi 300. Mitundu imeneyi ilowezeni, tikumana nayonso.

Mataki, timadontho timene timawotcherera poyamba kuti zitsulo zigwirane, nawonso aikidwe chitsulo chitatentha kale. Taki yaing'ono pa shafiti yozizira ndi imene imazizira msanga kuposa china chilichonse, ndipo ming'alu yambiri imayambira pamenepo n'kukwiriridwa ndi mizere yapamwamba.

Chachisanu ndi chimodzi: wotchererani osalekeza

Ikani mizere yopyapyala ingapo m'malo mwa umodzi waukulu wogwedeza kwambiri. Mzere uliwonse watsopano umafewetsako kuuma kumene wapansi unasiya. Gogodani silagi yense, chikhungu chouma chimene rodi imasiya pamwamba pa mzere, musanaike wina, sinthanani mbali kuti shafiti isakhote, ndipo pomaliza mzere imani pang'ono kuti kadzenje ka kumapeto kadzaze. Musayatsire rodi pambali pa jointi. Magetsi akathima muli pakati, bwezerani chitsulo pa makala chisazizire. Akabwera, onaninso kutentha musanapitirize.

Za kukhota, kumbukirani kuti mita imodzi ya chitsulo imatalika mamilimita 1.2 pa madigiri 100 alionse, ndipo pozizira imabwerera ikukoka chilichonse chimene chagwirana nayo. Mukamalimbitsa felemu ya ngolo ndi chigamba, chidulireni nsonga kumapeto m'malo mosiya makona anayi, ndipo wotchererani motsata utali wa felemu, osati modula.

Chachisanu ndi chiwiri: chizizire mochedwa

Chidebe cha madzi chichoke pafupi. Ndikudziwa kuti kasitomala amafuna anyamule katundu wake nthawi yomweyo, ndipo anyamata othandiza amathira madzi pofuna kumuthandiza, koma pa chitsulo cha kaboni wambiri madzi amenewo ndi amene amathyola. Mukangomaliza, bwezerani jointi pa makala ikhale pa madigiri 250 mpaka 300 kwa ola limodzi, kenako ikwirireni mu phulusa louma, mchenga wouma kapena laimu mpaka mawa. Mawu oti wouma ndi ofunika: mchenga wonyowa umaziziritsa mwadzidzidzi. Ikani chizindikiro pamene mwakwirira kuti ana asapondepo.

Pa chinthu chofunika kwambiri, monga sikuluwu ya jeke kapena ekiselo yonenepa, mungachotse kukokana kwa mkati pochitenthetsa kufika madigiri 600 mpaka 650, ola limodzi pa mamilimita 25 alionse a kunenepa kwake. Pamenepo chitsulo chimangoyamba kufiira mwa mdima, kufiira kooneka m'nyumba mokha. Padzuwa la masana simungakuone, ndipo mukadzakuona mudzakhala mutapitirira kale, choncho ntchito zoyang'ana kufiira zichitikire mumthunzi kapena madzulo.

Chikazizira, palani m'mphepete mwa jointi pasakhale kangalande kapena kona yakuthwa. Ngati n'kotheka sungani katunduyo masiku awiri. Pakani palafini pa jointi, dikirani mphindi 15, pukutani bwino, kenako pakani choko chosungunula m'madzi pang'ono n'kuchisiya chiume. Pamene pali mng'alu, palafini amatuluka n'kujambula kamzere konyowa pa choko. Kwechaninso ndi tupa m'mbali mwa jointi: pakamadyeka, ntchito yayenda bwino.

Kasiti amafuna zake: rodi ya nickel, timizere tosapitirira mamilimita 25, kugogoda mzere uliwonse ndi hamala ukadali wotentha, ndi kudikira mpaka dzanja litatha kugwira pafupi musanaike wina.

Kuumitsa mwadala: tchizulo yochokera ku sipuling'i

Kuuma kumene takhala tikukuthawa pa jointi ndi komwe timakufuna pa chida chodulira, ndipo amene wapangapo tchizulo imodzi ndi manja ake samvutikanso kumvetsa zonse zili pamwambazi. Osula makasu ndi nkhwangwa m'midzi mwathu akhala akuchita zimenezi ndi mvukuto kuyambira kale.

Dulani chidutswa cha sipuling'i, ya koyilo kapena yaphanthi. Ngati mukufuna kuchiboola kapena kuchicheka, yambani mwachifewetsa: chitentheni chifiire bwino, chikwirireni mu phulusa usiku wonse. Posula, chimenyeni chili pakati pa kufiira kowala ndi mtundu wa olenji, ndipo chikayamba kuda chibwezereni pamoto. Chisafike poyera kapena pothetheka chokha, chifukwa pamenepo timchenga ta mkati timakula ndipo chida chimadzasweka. Mukamaliza kusula, chitentheni chifiire n'kuchisiya chizizire pamphepo, kawiri, kuti timchenga tija tibwerere kukhala tating'ono.

Tsopano tengani maginito a sipika yakale. Tenthetsani masentimita anayi a kunsonga pang'onopang'ono, mukumakhudzitsa maginitowo. Pa madigiri 770 chitsulo chimasiya kugwira maginito. Pitirizani pang'ono pokha kuti mufike cha m'ma 820 mpaka 850, kenako viikani nsongayo mu oyilo, choimirira, mukuyendetsa m'mwamba ndi pansi. Chitsulo cha sipuling'i chimang'aluka m'madzi, n'chifukwa chake timasankha oyilo. Akhale wambiri, m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro pafupi chozimitsira moto ukabuka, ndipo nkhope ikhale kutali ndi utsi.

Chikatuluka, sichidyeka ndi tupa, koma musachimenye, ndiponso musachisiye mpaka mawa, chikhoza kung'aluka chokha. Nthawi yomweyo palani nsonga iwale ndi sandipepa, kenako tenthetsani chakumbuyo, kutali ndi nsonga, pa moto wochepa. Muona mitundu ija ikuyenda kulowera kunsonga: chikasu patsogolo, bulawuni, pepo, buluu pambuyo. Mtundu umene mukufuna ukangofika pa nsonga penipeni, viikani kuti uime pomwepo. Mpeni ndi chopalira zimafuna chikasu chakuda, cha m'ma 230 mpaka 240. Panchi imafuna bulawuni. Tchizulo yodulira zitsulo ndi nkhwangwa zimafuna pepo, cha m'ma 270 mpaka 280. Sikuludiraiva imafuna buluu. Mitundu ikamayenda pang'onopang'ono ndiye kuti kutentha kwalowa mpaka mkati. Ikathamanga, yangosintha kunja. Kumutu kumene hamala imagunda kukhale kosaumitsa, chifukwa mutu wouma umalakatitsa tizidutswa tolasa m'maso.

Yesani tchizuloyo podula flat bar. Nsonga ikabenthuka, yauma mopitirira: palani, bwerezani kutenthetsa kochepa kuja mpaka mtundu wotsatira. Ikafwifwa kapena kupindika, mwina simunafike pa kutentha koyenera poumitsa, mwina mitundu inakudutsani, ndipo muyenera kuyambiranso pa maginito.